Stellarium: Pulogalamu Yaulere Yoonetsa Ana Thambo, ndi Pamene Imawasocheretsa

Mwana akafunsa kuti nyenyezi zimapita kuti kukacha, akuluakulu ambiri amayankha kuti zilipo ndithu, kungoti kuwala kwa dzuwa kwaziphimba. Yankholi ndi loona, koma mwana alibe pogwira. Mu Stellarium mumangodina batani la A masana dzuwa likuswa mtengo. Mpweya wokuta dziko lapansi, womwe umamwaza kuwala n'kuchititsa thambo kukhala la buluu, umachoka pa sikirini, ndipo nyenyezi zimangoti waliwali m'mbali mwa dzuwa lenilenilo. Mukadinanso A, zimabisala. Kabatani kamodzi kameneka kamagwira ntchito yomwe bolodi ndi choko zimalephera.

Stellarium ndi pulogalamu yomwe imaonetsa thambo monga momwe likuonekera pamalo alionse padziko, pa tsiku ndi ola lililonse lomwe mwasankha, lakale kapena lam'tsogolo. Anaiyamba ndi Fabien Chéreau wa ku France mu 2001, ndipo mpaka lero anthu odzipereka akuikonzabe. Ya pakompyuta ndi yaulere kotheratu, ilibe zotsatsa malonda, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo imabwera ndi nyenyezi zoposa 600,000 m'kati mwake. Ikangolowa m'kompyuta sifunanso intaneti. Palinso ya pafoni, Stellarium Mobile, yomwe ili ndi gawo laulere ndi lina lolipira, komanso ya pa webusaiti yomwe imadya bandulo nthawi yonse yomwe mwaitsekula. Tinene kale maganizo athu: pophunzitsa ana za usana ndi usiku, ya pakompyuta ndiyo yeniyeni. Ya pafoni ndi yotulukira nayo panja. Ndipo zonsezi zili ndi chilema chimodzi chachikulu chomwe mphunzitsi ayenera kuchidziwa asanasonkhanitse ana.

Fayilo yoikira pulogalamuyi ndi ya mamegabayiti mazana angapo, choncho ndi bwino munthu mmodzi kuitsitsa pa stellarium.org nthawi ya bandulo ya usiku, ena n'kumakopera pa fulashi. Kutero ndi kololedwa, si kuba. Vuto limabwera pa makompyuta akale, ngati aja amabwera m'sukulu ngati mphatso: sikirini imangoda, kapena zilembo zimatuluka zophwanyika. Kawirikawiri chimakhala kuti kachipangizo kojambula zithunzi m'kompyutamo ndi kofooka kapena madiraiva ake ndi akale. Pa Windows, yang'anani pamndandanda wa mapulogalamu pomwe palembedwa Stellarium, muyese yomwe ili ndi mawu oti MESA. Imayenda mokoka miyendo koma imayenda. Ngati Windows yake ndi yakale kwambiri, tsitsani mtundu wolembedwa qt5 osati qt6.

Musanaonetse mwana chilichonse, dinani F6 ndi kukonza malo. Apa ndiye pomwe ambiri amagwa. Kompyuta ikakhala yopanda intaneti, Stellarium imatha kukuyambitsirani ku Paris, ndipo thambo la ku Paris si lathu. Kumeneko dzuwa la masana limadutsa chakummwera chaka chonse, nyenyezi ya Polaris ili pamwamba chakumpoto, ndipo Mtanda wa Kummwera suoneka n'komwe. Kuno Polaris situluka ngakhale tsiku limodzi, ili pansi pa nthaka pafupifupi madigiri 14 mukakhala ku Lilongwe. Mabuku ndi mavidiyo ambiri a ana amati "pezani Polaris kuti mudziwe kumpoto", ndipo mwana wa ku Dedza atha kuifunafuna mpaka khosi kuwawa. Lembani Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba m'kabokosi kofufuzira, sankhani, kenako chongani kuti malowa akhale oyambira nthawi zonse. Ngati mudzi wanu mulibe, tauni yapafupi ikwanira. Makilomita 50 sasintha chilichonse chomwe diso la mwana lingaone. Onaninso wotchi ya kompyutayo. Makompyuta omwe kabatire kawo kam'kati kanatha amadzuka ali m'chaka china, ndipo pulogalamuyi imakhulupirira wotchiyo mosafunsa.

Pali kamsampha kena pa batani la F4, lomwe limatsekula posinthira maonekedwe a thambo ndi malo. Malo obiriwira omwe mumawaona poyamba ndi dambo la mudzi wina wa ku France wotchedwa Guéreins. Mutha kusintha, ndipo Zero Horizon ndiyo yabwino pophunzitsa chifukwa ilibe mitengo kapena mapiri otchinga dzuwa potuluka. Koma pansi pake pali kabokosi koti malo atsatire chithunzi chomwe mwasankha. Kakakhala kochonga, mumasamutsidwa mwakachetechete kuchoka ku Mzuzu kupita kudziko lina osadziwa. Kachotseni chongi. Muli pomwepo, chepetsani nyenyezi pa Limit magnitude, muike 4 kapena 4.5. Nambalayi ikamakula, nyenyezi zofooka zimachuluka. Diso labwino pamalo amdima limafika cha pa 6, koma kwa ana a zaka zisanu ndi zitatu nyenyezi zambirimbiri zimangokhala ngati ufa wotayika pansi, sapezapo chithunzi chilichonse.

Tsopano pa nkhani ya nthawi, pomwe pali mphamvu yonse ya pulogalamuyi. Batani la L limathamangitsa nthawi kakhumi pa kudina kulikonse. Mukadina katatu, nthawi ikuthamanga ka 1,000, ndipo tsiku lathunthu limatha m'masekondi 86. Liwiro limeneli ndilo loyenera m'kalasi. Mukadina kanayi tsiku limatha m'masekondi osakwana 9, thambo limangophethira ngati babu yomwe ikufuna kupsa, ana amaseka koma saphunzirapo kanthu. K amabweza liwiro la masiku onse, J amachepetsa liwiro mpaka nthawi n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, 8 amakubwezerani pa nthawi ya panopa mukasochera, ndipo mudzasochera ndithu. Dinani Q kuti zilembo za mbali zinayi zioneke: E kum'mawa, W kumadzulo, N kumpoto, S kummwera.

Yambani moyang'ana kum'mawa cha m'ma 5 koloko m'mawa, L katatu. Dzuwa lituluka, likwera. Kokani sikirini ndi mausi kulitsatira mpaka lilowe. Likalowa, dinani G. Nthaka imachoka, ndipo ana amaliona dzuwa likupitiriza ulendo kunsi kwa mapazi awo, kubwerera kum'mawa. Funso loti dzuwa limagona kuti limathera pamenepo. Kenako tembenukirani kummwera usiku, dinani E kuti mizere ya thambo ioneke, muone mmene nyenyezi zonse zikuzungulirira kadontho kamodzi kosasuntha. Kadontho kameneko kali pamwamba pa chizimezime ndi madigiri ofanana ndi mtunda wanu kuchokera pa ikweta: pafupifupi 14 ku Lilongwe, 16 ku Blantyre, 11 ndi theka ku Mzuzu. Palibe nyenyezi yowala pamenepo, ndi malo opanda kanthu. Koma ndi pomwe mzere wodutsa pakati pa dziko lapansi, womwe dzikoli limazungulirapo, waloza.

Chilema chija ndi ichi. Zonse zomwe mwana waona mpaka apa zikumuuza kuti nthaka yaima nji, thambo ndilo likuyenda. Stellarium imajambula zinthu monga momwe diso la munthu woima pansi limazionera, ndipo diso limanena kuti dzuwa likuyenda. Mwana anabwera m'kalasi akukhulupirira kale zimenezo, chifukwa ngakhale chilankhulo chathu chimati dzuwa latuluka, lapendeka, lalowa. Mukamuonetsa mphindi khumi za dzuwa likuthamanga pa sikirini kenako n'kunena ndi pakamwa pokha kuti "komatu likuzungulira ndi dziko", adzalemba zomwe mwanenazo pa mayeso, koma mumtima adzasunga zomwe waona. Pulogalamuyi sichenjeza za zimenezi pena paliponse. Si buku lophunzitsira, ilibe maphunziro okonzedwa a ana, ndipo ndi chida chomwe chimafuna munthu wodziwa chomwe akufuna kuonetsa.

Mankhwala ake ali m'pulogalamu momwemo, kungoti anabisika. Dinani F3, lembani Moon, Enter. Mwezi ukasankhidwa, dinani Ctrl ndi G pamodzi. Tsopano mwaima pa mwezi. Chotsani nthaka ndi G, mpweya ndi A ngati ulipo, kenako F3, lembani Earth, Enter, ndipo dinani batani la / kuti muyandikire. Dziko lapansi limadzaza sikirini, mbali ina yowala, ina yamdima. L katatu. Apa ndiye mwana amaona ndi maso ake mpira wonse ukutembenuka kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa, Africa ikubwera, ikudutsa, ikupita. Tsiku lomwe mwasankha ndi lofunika. Mwezi ukakhala wathunthu kuno, woima pamwezi amaona mbali yamdima ya dziko, simuona kanthu. Sankhani sabata imodzi mwezi utadutsa pokhala wathunthu, ukakhala theka loonekera m'bandakucha: pamenepo mzere wapakati pa mdima ndi kuwala womwe mukuuona ndi wa kutuluka kwa dzuwa. Madagascar imayamba kulowa m'kuwala, kenako Mozambique, kenako ife, Zambia, Angola pomaliza. Mukasankha theka la madzulo, lomwe limabwera sabata imodzi mwezi utangooneka, muona mayiko omwewo akulowa mumdima m'ndondomeko yomweyo. Pobwerera, F6, sankhaninso Earth ndi tauni yanu.

Zimenezi zili ndi umboni womwe mwana angaupeze popanda kompyuta. Blantyre ndi Lusaka ali pafupifupi pamzere umodzi kuchokera pa ikweta ndipo mawotchi awo amawerenga nthawi yofanana, koma Blantyre ili kum'mawa ndi madigiri pafupifupi 7. Dziko limatembenuka madigiri 15 pa ola, kutanthauza digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse. Choncho dzuwa limatuluka ku Blantyre mphindi pafupifupi 27 lisanatuluke ku Lusaka. Amene ali ndi m'bale ku Lusaka amuimbire dzuwa likangoti tulukiru kuno, amufunse ngati kwawoko latuluka. Mu Stellarium mumayesa zomwezo poimitsa nthawi ndi batani la 7 dzuwa litangosuzumira ku Blantyre, kenako kusintha malo okha.

Ngakhale zili choncho, musasiye mpira ndi tochi. M'chipinda chotseka makatani, mwana mmodzi agwire tochi osasuntha, wina atembenuze mpira womwe mwamatapo kachidutswa ka pepala koimira mudzi wanu. Cholakwika chomwe chimachitika pafupifupi nthawi zonse n'chakuti wa tochi amayamba kuyenda mozungulira mpira, chifukwa ndi zomwe thupi lake likudziwa. Mukhazikeni pampando, kapena ikani tochiyo patebulo. Cholakwika chachiwiri chili m'mawu. Pa Chichewa timati dziko limazungulira pa maola 24, timatinso limazungulira dzuwa pa chaka chimodzi, mneni yemweyo pa zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ana amazisakaniza mpaka kumanena kuti usiku umabwera dziko likapita kuseri kwa dzuwa. Siyanitsani kuyambira tsiku loyamba: kuzungulira pamalo amodzi ngati nguli ndiko kumabweretsa usana ndi usiku, kuyenda ulendo wozungulira dzuwa ndiko chaka. Akafunsa chifukwa chomwe sitimva kuti tikuyenda, pomwe ku Lilongwe nguli imeneyi ikutinyamula pa liwiro loposa makilomita 1,600 pa ola, akumbutseni basi yoyenda pamsewu wosalala: chomwe thupi limamva ndi mabuleki, mabampu ndi makona, osati liwiro lokhazikika.

Pomwe Stellarium imaposa buku lililonse lochokera kunja ndi pa dzuwa la masana. Ife tili pakati pa ikweta ndi mzere wa Capricorn, choncho kawiri pachaka dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, chinthu chomwe ku London kapena ku Johannesburg sichichitika. Ku Lilongwe ndi cha pa 30 kapena 31 Okutobala, ndi cha pa 11 kapena 12 Febuluwale. Ku Blantyre ndi cha pa 5 kapena 6 Novembala, ndi 5 kapena 6 Febuluwale. Ku Mzuzu ndi cha pa 23 Okutobala ndi 19 Febuluwale. Sankhani dzuwa pa sikirini, muwerenge pa mzere wa Az./Alt. kumanzere kumwamba, nambala yachiwiri, yoonetsa madigiri omwe dzuwa lakwera, ikayandikira 90, ndiye tsiku lanu. Musadikire 12 koloko. Wotchi yathu inatengera mzere wa madigiri 30 kum'mawa, pomwe Lilongwe ili pafupi ndi 34, ndipo dzuwa nalo limatsogola kapena kutsalira pang'ono malinga ndi mwezi. Kumapeto kwa Okutobala limafika pamwamba penipeni cha m'ma 11:30 m'mawa, mu Febuluwale cha m'ma 12 koloko. Imikani chitini kapena botolo pamalo osalala pa ola limenelo: mthunzi umalowa pansi pake, chitini n'kumaoneka ngati chojambulidwa. Mphunzitsi yemwe wauza ana sabata yathunthu kuti tsiku lakuti, ola lakuti, mthunzi uthawa, kenako n'kuchitikadi, sadzavutikanso kuwakopa chaka chonsecho.

Ndodo ya mita imodzi yozikidwa chilili pabwalo la sukulu ndi mnzake wabwino wa pulogalamuyi. Ku Lilongwe pa 21 Juni, masana enieni cha m'ma 11:45, dzuwa limakwera madigiri pafupifupi 53 okha ndipo lili chakumpoto. Mthunzi wa ndodoyo ndi masentimita pafupifupi 76, woloza kummwera. Pa 21 Disembala lili pa madigiri pafupifupi 81 chakummwera, mthunzi ndi masentimita 17 okha, woloza kumpoto. Ngati muyeso wa ana wasiyana kwambiri ndi umenewu, kawirikawiri ndodo yapendekeka kapena bwalo ndi lotsetsereka. Mangani kamwala ku chingwe, muyimike ndodo molingana ndi chingwecho, ndipo yezani gawo lomwe lili kunja kwa dothi lokha. Ana aike kamwala pansonga ya mthunzi ola lililonse kuyambira 8 koloko. Pomatuluka malo nawo amasintha: mu Juni dzuwa limatulukira madigiri pafupifupi 24 chakumpoto kwa kum'mawa kwenikweni, mu Disembala madigiri omwewo chakummwera. Ikani nthawi pa 6:30 m'mawa, muyang'ane kum'mawa, muzidina batani la ] lomwe limalumpha masiku 7, muone dzuwa likuyenda uku ndi uku ngati munthu wosakhazikika.

Pa nkhani ya nyengo chenjerani, chifukwa kuno msampha wake ndi wakuya kuposa kumayiko a kumpoto. Mukasankha dzuwa, pulogalamuyi imaonetsanso mtunda wake. Kumayambiriro kwa Januwale ndi makilomita pafupifupi 147 miliyoni, kumayambiriro kwa Julayi 152 miliyoni. Mwana wochenjera anena nthawi yomweyo kuti ndiye chifukwa chake mu Julayi kumazizira. Zikuoneka zomveka, koma si zoona. Kusiyanako ndi pafupifupi magawo atatu okha pa 100. Sinthani malo mupite ku London pa 21 Juni: dzuwa lili pamwamba, usana ndi wa maola oposa 16, ndi nyengo yawo yotentha, pomwe mtunda wa dzuwa ndi womwewo womwe ife tikunjenjemera nawo. Chomwe chimabweretsa nyengo ndi kupendekeka kwa dziko ndi madigiri 23.4. Mu Juni mbali yathu yapendekera kutali ndi dzuwa, kuwala kumafika chopingasa ndipo usana ku Lilongwe ndi maola 11 ndi mphindi pafupifupi 20. Mu Disembala umayandikira maola 13.

Kwa ana okulirapo, a Sitandade 7 kapena 8 ndi a Fomu 1, pali masewera a mabatani awiri omwe ndi okoma kwambiri m'pulogalamu yonseyi. Ikani 8 koloko usiku, imitsani nthawi, muzidina batani la =, lomwe limawonjezera tsiku limodzi la maola 24. Nyenyezi zimasendera kumadzulo pang'onopang'ono. Mukadina ka 30 zasuntha ngati mtunda wa maola awiri. Tsopano gwirani Alt pamodzi ndi =. Nyenyezi zimaima osagwedezeka, mwezi wokha ndi mapulaneti ndi omwe akusuntha, ndipo wotchi ya pansi ikubwerera m'mbuyo mphindi pafupifupi 4 pa kudina kulikonse. Chifukwa chake n'chakuti dziko limamaliza kutembenuka kamodzi pa maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4. Mphindi zotsalazo ndi zoti lipezenso dzuwa, popeza pa tsikulo lasunthanso pang'ono pa ulendo wake wa chaka. N'chifukwa chake nyenyezi za mu Januwale si za mu Julayi.

Chomwe pulogalamuyi singathe n'komwe ndi kuonetsa kukula ndi kutalika kwa zinthu. Zonse zimamatidwa padenga limodzi, dzuwa, mwezi ndi nyenyezi ngati zili pamtunda wofanana, ndipo nyenyezi zowala zimajambulidwa ngati timipira tonenepa pomwe kumwamba ndi timadontho. Izi zikonzeni pabwalo la mpira. Mpira wa miyendo ukhale dzuwa. Dziko lapansi ndi kanjere ka mawere, mamilimita awiri, popeza mayiko 109 ondandalikidwa ndi omwe angadutse pakati pa dzuwa. Kaikeni pa mamita 24 kuchokera pampirawo. Kuwala kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20 kuyenda kamtunda kameneko. Alpha Centauri, yomwe ili m'gulu la nyenyezi zoyandikana nafe kwambiri, ndi mpira wina womwe pa muyeso womwewu uli pa makilomita oposa 6,000, kupitirira Cairo. Kuwala kwake kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kutipeze. Pamenepo ndi pomwe mawu oti dzuwa ndi nyenyezi, kungoti ili pafupi, amayamba kumveka.

Ya pafoni ndi yosavuta kuposa ya pakompyuta, ndipo gawo laulere likwanira pa zonse zomwe mwana angaone ndi maso. Kulipira kumawonjezera nyenyezi zofooka ndi zithunzi zakuya zomwe n'zothandiza kwa mwini telesikopu, osati kwa kholo lomwe likufuna kudziwa kuti chowala chija pamwamba pa mtengo wa mango n'chiyani. Chokopa chake n'chakuti mukaloza foni kumwamba, sikirini imatsatira dzanja lanu. Koma izi zimadalira kampasi ya m'kati mwa foni, ndipo mafoni ambiri otsika mtengo alibe. Yopanda kampasi siitembenuka, muyenera kukoka ndi chala. Yomwe ili nayo imasokonezeka pafupi ndi malata, zitsulo za m'mawindo, galimoto, sipika ya wailesi, ngakhale kachikwama ka foni kokhala ndi maginito. Ikamanena kuti mwezi uli kumanzere pomwe mukuuona kumanja, chokani pakhonde mamita angapo, gwedezani foni m'mwamba mojambula nambala 8 kangapo, muyesenso pa mwezi womwewo musanakhulupirire china chilichonse. Yatsani Night mode, yomwe imasandutsa zonse kukhala zofiira. Pakompyuta ndi Ctrl ndi N. Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo uthenga umodzi wa WhatsApp wowala mbee umafafaniza zonsezo. Masana musalole ana kusaka dzuwa ndi foni moloza kumwamba, chifukwa diso limathawa pa sikirini n'kupita pa dzuwa lenileni. Kuliyang'ana mwachindunji kumawononga maso, ndipo magalasi akuda wamba kapena galasi lodetsedwa ndi utsi sizitchinjiriza.

Foni imodzi pakati pa ana khumi imasanduka mkangano, onse maso pa sikirini, kumwamba osayang'anako. Njira yabwino ndi kukonzekera masana pakompyuta, kusankha zinthu zitatu zokha, ana n'kuzijambula m'kope, usiku foni ikhale m'thumba la wamkulu yongotsimikizira. Kuyambira Epulo mpaka Juni, Mtanda wa Kummwera, womwe pulogalamuyi imaulemba kuti Crux, uli pamwamba chakummwera madzulo. Kumapeto kwa Meyi umaima chilili cha m'ma 8 koloko, ndipo nyenyezi ziwiri zowala, Alpha ndi Beta Centauri, zimauloza kuchokera kumanzere. Talikitsani mtengo wake wautali kanayi ndi theka kulowera kumunsi, mufika pa kadontho kosasuntha kaja. Tsikani molunjika pansi, kumeneko ndiye kummwera. Chibakera chotambasulidwa kutsogolo ndi madigiri pafupifupi 10, choncho ku Lilongwe kadonthoko kali pa chibakera chimodzi ndi theka. Ana aime pamalo amodzi olembedwa pansi, aone nyenyezi yomwe yagundana ndi nsonga ya denga kapena nthambi, abwerenso patatha ola. Yachoka. Mu Julayi, gulu la nyenyezi la Scorpius ndi nyenyezi yake yofiira ya Antares zimadutsa pafupifupi pamutu ndipo Mlalang'amba umaoneka bwino koposa. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo ya thambo loyera, kupatula masiku a chiperoni cha ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimameza nyenyezi za m'munsi, ndipo Stellarium sidziwa zimenezo, monga momwe sidziwira za mitambo ya dzinja.

Chichewa mulibe, m'mabatani ngakhale m'mayina a nyenyezi. Batani la C limalumikiza nyenyezi ndi mizere, V limalemba mayina a Chilatini, R limaika zithunzi za nthano za Agiriki. R musiyeni wozimitsa. Ana amatengeka ndi zimphona ndi zinyama zojambulidwazo, kenako amakhumudwa posazipeza kumwamba, ndipo Orion, gulu la nyenyezi lojambulidwa ngati munthu, kuno amaoneka chadodolido poyerekeza ndi mmene anamujambulira a kumpoto. Mayina athu muwabweretse nokha. Kagulu kothinana komwe pulogalamuyi imati Pleiades, kotuluka kum'mawa madzulo mu Novembala mvula ikamayandikira, ndi Nsangwe. Nyenyezi zitatu zondondozana pakati pa Orion, zomwe mu Febuluwale zimakhala pafupi ndi pamutu cha m'ma 8 koloko, ndi Akamwiniatsatana. Nthanda ya m'bandakucha si nyenyezi koma pulaneti ya Venus, ndipo ndi yomweyo yomwe miyezi ina imawala kumadzulo dzuwa litangolowa. Kuti ana akhulupirire, isankheni, chotsani nthaka ndi mpweya, muzidina ]: imachoka mbali ina ya dzuwa kupita inayo, osatalikira kuposa madigiri pafupifupi 47, ndipo imabwerera pomwe inayambira patatha masiku pafupifupi 584. Atumeni akafunse agogo mayina ena omwe amawadziwa, aloze kumwamba, inu mupeze nyenyeziyo pa sikirini mulembe mayina onse awiri m'kope la kalasi.

Tsiku lomwe ana atopa, apititseni ku Lusaka pa 21 Juni 2001, nthawi itangodutsa 3 koloko masana. Mwezi umaphimba dzuwa lonse kwa mphindi zitatu ndi pang'ono, kumada, nyenyezi zowala n'kutuluka. Ndi kadamsana yemwe makolo awo ambiri akumukumbukira, popeza kuno nako dzuwa linadyedwa mbali yaikulu. Bwererani ku tauni yanu pa ola lomwelo kuti aone kachidutswa komwe kanatsala.

Sukulu yomwe ili ndi laputopu imodzi yokha ithabe kupindula, bola ana asapitirire khumi ndi asanu pa gulu limodzi ndipo chipinda chikhale chamdima ndithu. Pa pulojekita yofooka masana nyenyezi sizioneka, mumangoona mizere. Tchajani laputopu pasadakhale, chifukwa pulogalamuyi imadya batire msanga kuposa kulemba kalata. Kwa ana osakwana zaka zisanu ndi ziwiri, A, G ndi L zikwanira, ndipo wamkulu ndiye agwire kiyibodi. Okulirapo apatseni mausi, alembereni mabatani papepala lomatidwa pambali pa sikirini, ndipo batani la 8 mulilembe ndi zilembo zikuluzikulu.